KACHIROMBO KODYA PULASITIKI SIKADZASESA M'NGALANDE ZA LIMBE

Chiyambire pamene nkhani ya tizirombo todya pulasitiki inayamba kumveka pa mawayilesi ndi m'nyuzipepala, pabuka kagulu ka anthu amene akuyenda nayo nkhaniyi m'maofesi, m'mabasi ndi m'misonkhano ngati kuti atola chikwama cha ndalama. Anthuwa akuti popeza akatswiri a sayansi a maiko akunja apeza tizirombo timene timadya pulasitiki, palibenso chifukwa choti Boma lizivutitsa eni mafakitale ndi amalonda poletsa majumbo opyapyala. Akuti dziko lingodikira pang'ono, tizirombo tikubwera kudzamaliza zonse. Ena mwa iwo amalankhula izi chifukwa cha kusadziwa, ndipo otere ngofunika kuwaphunzitsa mofatsa. Koma ena amalankhula akudziwa bwino lomwe kumene kuli phindu lao, ndipo otere ngofunika kuwayankha poyera, kuti atsogoleri a Chipani m'nthambi ndi m'madera, pamodzi ndi ogwira ntchito m'Boma, asatengeke ndi bodza limene lavala jekete la sayansi.

Akuluakulu anati kandimverere anakanena za m'maluwa. Nchifukwa chake nkoyenera kuyamba ndi kufotokoza chimene akatswiriwo anapezadi, pakuti sayansi yake njoona ndipo njoyenera ulemu.

M'chaka cha 2016 akatswiri a ku Japan, a sukulu za ukachenjede za Kyoto Institute of Technology ndi Keio, analengeza kuti apeza bakiteriya wachilendo m'matope ndi m'zinyalala za pamalo pena pokonzeranso mabotolo mumzinda wa Sakai. Anafufuza zitsanzo 250 za dothi, matope ndi madzi oipa asanampeze, ndipo anamutcha Ideonella sakaiensis potengera dzina la mzindawo. Atamuika pa kachidutswa kopyapyala ka pulasitiki wa mtundu wa PET, amene amapangira mabotolo a madzi ndi a zakumwa zoziziritsa kukhosi, pamalo ofunda madigiri 30, bakiteriyayo anakamaliza pafupifupi konse m'masabata 6. Dziko lonse linadabwa, chifukwa pulasitiki ameneyu anali atakhala padziko zaka zosafika 80, koma kachirombo kanali kataphunzira kale kumusandutsa chakudya.

Mmene kamadyera si zamatsenga, ndipo mayi aliyense wodziwa kuphika thobwa angathe kuzimvetsa msanga kuposa mlembi wa mu ofesi. Phala la ufa likaphikidwa limakhala lolimba ndi losatsekemera, koma akathiramo chimera limasungunuka nkuyamba kuzuna. Chimachititsa ndi tinthu tina ta m'chimeramo, timene asayansi amatitcha maenzaimu, timene ntchito yake ndi kudula unyolo wautali wa ufa kuti ukhale tizidutswa ta shuga. Pulasitiki nayenso ndi unyolo wautali wa tizidutswa tolumikizana. Bakiteriya wa ku Sakai amatulutsa maenzaimu awiri, PETase ndi MHETase. Woyamba amadula unyolo wa PET m'zigawo, wachiwiri amamaliza kuzigawa mpaka kubwerera ku zinthu ziwiri zimene fakitale inayambira popanga pulasitikiyo. Zinthu ziwirizo zikayeretsedwa, zimatha kupangira botolo latsopano losasiyana ndi loyamba.

Pamenepa mpamene palowera luso limene Azungu amalitcha synthetic biology. Chamoyo chirichonse chiri ndi malangizo a chibadwa chake olembedwa m'kanthu kotchedwa DNA. Akatswiri a luso limeneli amawerenga malangizowo, kuwakonza, ngakhale kulemba ena atsopano, kenaka nkuwaika mwa bakiteriya kapena yisiti kuti azipanga chinthu chimene iwo akufuna. Ndi umisiri wosula zamoyo, monga mmisiri asulira khasu kuti ligwirizane ndi nthaka ya kwao. Enzaimu wa ku Sakai anali waulesi ndiponso wosapirira kutentha, motero amisiri anayamba kumusula. Mu 2018 gulu la John McGeehan wa ku Portsmouth ku Britain ndi Gregg Beckham wa ku America linasintha pang'ono kapangidwe kake pofuna kungomvetsa mmene amagwirira ntchito, ndipo mosayembekezera anapezeka kuti wayamba kudya bwino kuposa kale. Mu 2020 akatswiri a ku Toulouse ku France, mogwirizana ndi kampani ya Carbios, anatenga enzaimu wina amene anapezeka m'manyowa a masamba ku Japan, namusula mpaka anatha kugawa magawo 90 mwa 100 a PET m'maola 10 okha pa kutentha kwa madigiri 72. Mu 2022 gulu la Hal Alper ku Austin, m'chigawo cha Texas, linagwiritsa ntchito makompyuta posankha malo asanu oyenera kusintha, ndipo enzaimu wao, FAST-PETase, anagawa zinthu 51 zosiyanasiyana za PET zotayidwa m'sabata imodzi pa madigiri 50. Ku Edinburgh, Joanna Sadler ndi Stephen Wallace anaphunzitsa bakiteriya wa E. coli mu 2021 kusandutsa zotsalira za PET kukhala vanila wonunkhiritsira makeke, ndipo mu 2025 gulu la Wallace lomwelo linaonetsa kuti zotsalira zomwezo zingasanduke mankhwala a paracetamol, amene m'magolosale muno amadziwika ndi dzina loti panado.

Zonsezi ndi zoona, ndipo palibe munthu wanzeru amene angazinyoze. Koma aliyense amene wawerenga mosamala waona kuti pali zilembo zitatu zimene zikungobwerezedwa paliponse: PET. Ku Sakai ndi PET, ku Toulouse ndi PET, ku Texas ndi ku Edinburgh ndi PET yemweyo. Apa mpamene pagona chinyengo cha anthu aja, pakuti jumbo lopyapyala limene lakoleka pa minga m'mbali mwa msewu wa M1, limene latseka ngalande ku Limbe ndi ku Ndirande, limene ladzaza m'mphepete mwa Mudi, Lingadzi ndi Lunyangwa, si PET ai. Ndi pulasitiki wina wotchedwa polyethylene, ndipo kwa enzaimu wa ku Sakai jumbo liri ngati mwala kwa chimera.

Kusiyana kwake nkwa kapangidwe. Unyolo wa PET uli ndi mfundo zofanana ndi zimene zimapezeka pa kakhungu konyezimira ka masamba a zomera, ndipo tizirombo takhala tikudula mfundo zotere chilengedwere dziko. Amisiri a sayansi sanayambe pa thengo. Anangonola mpeni umene unalipo kale. Koma unyolo wa polyethylene ulibe mfundo yotere ngakhale imodzi. Ndi mzere wautali wa kaboni wolumikizana ndi kaboni mnzake, wosalola madzi, wopanda pogwira. Nzoona kuti mu 2017 Federica Bertocchini, katswiri wogwira ntchito ku Spain amene amawetanso njuchi, anaona mphutsi zodya phula la m'ming'oma zitaboola jumbo, ndipo mu 2022 gulu lake linanena kuti m'malovu a mphutsizo muli maenzaimu oyamba kufooketsa polyethylene. Nzoonanso kuti mu 2024 bungwe la icipe ku Nairobi linaonetsa mphutsi zina za m'makola a nkhuku zikudya pulasitiki wa mtundu wa polystyrene. Koma kuboola jumbo limodzi m'chipinda chofufuzira ndi kwina, kutha majumbo a mzinda wonse ndi kwina, ndipo akatswiri anzao akutsutsanabe ngati mphutsizo zimagayadi pulasitiki kapena zimangomutafuna kukhala tizidutswa tosaoneka ndi maso. Amene akulonjeza anthu kuti mphutsi zidzakonza m'ngalande akugulitsa mbewa ikadali kuuna.

Chomvetsa chisoni, kapena choseketsa, nchakuti botolo la PET, limene sayansi yalipezera mankhwala, ndiro limene liri ndi mwini kale m'dziko muno. Botolo lopanda kanthu silichedwa pansi. Ana amalitola, amayi amalitsuka nkuthiramo thobwa, mafuta ophikira kapena parafini, ndipo limazungulira kangapo lisanafike kumtaya. Sikuti mabotolo salowa m'mitsinje. Amalowa, ndipo mvula yoyamba ikagwa amaoneka atasonkhana pansi pa milatho. Koma chimene chiribe mwini, chimene palibe angachitole chifukwa sichigulika ngakhale tambala imodzi, ndi jumbo lopyapyala lija limene wogulitsa tomato, chipisi kapena makala amapereka ulere, limene ntchito yake imatha m'mphindi zochepa munthu akangofika pakhomo.

Ndipo jumbo limeneli si nkhani ya kunyansa kwa maso chabe. Lipoti la mu 2019 la bungwe la Lilongwe Wildlife Trust linaonetsa kuti dziko lino limapanga matani pafupifupi 75,000 a pulasitiki pa chaka, ndipo magawo 80 mwa 100 ndi ogwiritsa ntchito kamodzi nkutaya. Kafukufuku wina wa ku Mponela anapeza pulasitiki m'mimba mwa ziweto pafupifupi 40 mwa 100 zirizonse zophedwa kumeneko. Mbuzi ikameza jumbo lonunkhira mchere wa chipisi, jumbolo limakakhala m'chifu, mbuzi nkumaonda ikudya, mpaka kufa. Mlimi amene mbuziyo inali fizi ya mwana wake sadziwa kuti kuli mzinda wotchedwa Sakai, ndipo ngakhale atadziwa sizingamubwezere mbuzi yake. Ndi imfa za mbuzi zomwezi zimene zinautsa mtima wa mayi Gloria Majiga-Kamoto kuti alowe nkhondo yolimbana ndi majumbo, nkhondo imene inachititsa kuti alandire mphotho ya Goldman mu 2021. Jumbo likatseka ngalande madzi amaima, udzudzu nkuswana, zonyansa nkusefukira m'makomo mwa anthu. Likakwiririka m'munda limatchinga mizu ndi madzi. Likayatsidwa pokolezera mbaula, monga achitira mabanja ambiri m'matauni, utsi wake umapumidwa ndi mayi ndi mwana amene ali kumbuyo.

Tsono ngakhale pa PET pomwepo, pamene sayansi yapambana, anthu ambiri ali ndi chithunzi cholakwika. Amaganiza kuti tsiku lina ndege idzauluka pamwamba pa mtaya wa Mzedi ikupopera tizirombo monga apoperera dzombe, mmawa mwake nkupeza payera. Sizitero. Ntchitoyi imachitika m'fakitale, m'matanki otsekeka. Mabotolo ayenera kutoledwa, kusankhidwa, kutsukidwa ndi kugayidwa. Popeza pulasitiki wa botolo ngwothinana kwambiri moti enzaimu amalephera kulowa, kawirikawiri amayamba wasungunulidwa nkuziziritsidwa msanga kuti afewe. Kenaka amathiridwa m'madzi otentha amene kutentha kwake kuyenera kusungidwa kwa maola ambiri, akuthiramo mankhwala ena ochepetsa asidi. Zonsezi zimadya magetsi, madzi ndi ndalama. Dziko limene mu Januwale 2022 linataya mphamvu ya magetsi pafupifupi mamegawati 130 tsiku limodzi, pamene namondwe wa Ana anaononga damu la Kapichira, liyenera kuwerengera zimenezi lisanayambe kuvina.

Ngakhale kwa eni ake zinthu sizinayende mofewa. Kampani ya Carbios inatsegula fakitale yoyesera ku Clermont-Ferrand mu 2021, ndipo mu Epulo 2024 inayala mwala wa maziko a fakitale yaikulu ku Longlaville, yoti izikonza matani 50,000 pa chaka. Pofika Disembala chaka chomwecho inalengeza kuti yayamba yaimitsa ntchito yomangayo chifukwa ndalama zinachedwa. Uku ndi ku France, dziko la magetsi osazima ndi mabanki odzaza. Chifukwa chachikulu nchodziwika: pulasitiki watsopano wochokera ku mafuta a pansi pa nthaka ngwotchipa, ndipo aliyense wokonzanso wakale amapikisana naye. Matani 50,000 amenewo ayerekezedwe ndi matani oposa 400 miliyoni amene dziko lapansi limapanga chaka chirichonse. Akatswiri atatu a ku America, Roland Geyer, Jenna Jambeck ndi Kara Lavender Law, anawerengera mu 2017 kuti kuyambira 1950 kufika 2015 anthu anali atapanga matani 8.3 biliyoni a pulasitiki, ndipo mwa zinyalala zake magawo 9 okha mwa 100 ndiwo anakonzedwanso, 12 anatenthedwa, pamene 79 anaunjikidwa m'mitaya kapena kumwazika m'nthaka ndi m'madzi. Munthu amene mpopi ukuthira madzi m'nyumba mwake sayamba ndi kufunsa mtengo wa chikolopa chamakono. Amayamba watseka mpopi.

Mpopi umenewo dziko lino linaganiza zoutseka kale. Mu 2015 Boma linakhazikitsa malamulo oletsa kupanga, kuitanitsa, kugulitsa ndi kugwiritsa ntchito mapepala apulasitiki opyapyala osafika mamaikoloni 60, kumene kuli pafupifupi kunenepa kwa tsitsi limodzi la munthu. Lamulo lake silinaletse pulasitiki yense. Linangoti jumbo likhale lochindikala, loti munthu angaligwiritse ntchito kangapo ndipo wotola angalione kuti ndi kanthu. Koma eni mafakitale ena anathamangira kukhoti nakatenga chiletso mu 2016. Pa 31 Julaye 2019 Bwalo Lalikulu la Apilo linagamula kuti lamulolo nloyenera. Anthu anayesa kuti nkhani yatha, koma ziletso zina zinatsatira, china pambuyo pa chinzake, kufikira mu Januwale 2025 pamene khoti linachotsa chiletso chimene chinkamanga manja a bungwe loteteza chilengedwe la MEPA. Zaka khumi zathunthu! Mwana amene anabadwa pamene lamulo linkalembedwa anafika sitandade 4 kapena 5 makina akulavulabe majumbo. Dziko la Rwanda linaletsa majumbo mu 2008, Kenya mu 2017, ndipo malonda m'misika ya Kigali ndi Nairobi sanafe. Kupita kukhoti ndi ufulu wa aliyense, ndipo palibe akuulanda. Koma munthu amene wapambana zaka khumi mwa kuchedwetsa amadziwa kukoma kwa kuchedwetsa, ndipo zifukwa za malamulo zikatha amafuna zina. Nkhani ya tizirombo yagwa m'manja mwa otere monga chiletso chatsopano, chosafuna loya kapena woweruza.

Amati kodi anthu ogwira ntchito m'mafakitalemo adzadya chiyani. Funso limeneli nlolemera ndipo siliyenera kuyankhidwa mwachipongwe. Koma fakitale imene ikupanga jumbo lopyapyala ingathe kupanga lochindikala, ndipo amene amaluka madengu ndi mitanga, amene amasoka zikwama za nsalu pa khonde la sitolo, nawonso ndi antchito a dziko lino, ngakhale alibe owalankhulira m'mahotela.

Pali gulu linanso, laling'ono, limene lalakwira mbali ina. Awa akangomva zoti asayansi akusintha chibadwa cha tizirombo amagwidwa nthumanzi, nkumati nzosemphana ndi chilengedwe ndipo dziko lisayandikireko. Iwowa aiwala kuti mankhwala a insulin amene odwala matenda a shuga amabaya m'zipatala amapangidwa ndi tizirombo tosinthidwa chomwechi, ndipo analoledwa koyamba mu 1982. Aiwalanso kuti dziko lino liri ndi lamulo lake loyang'anira zamoyo zosinthidwa chibadwa, la mu 2002, ndipo pansi pa lamulo limenelo thonje la Bt linayamba kuyesedwa ku Bunda mu 2013 lisanaloledwe kupita kwa alimi. Kusamala nkofunika, makamaka pa ganizo lirilonse lotulutsa kachirombo kosulidwa kupita kuthengo kapena m'nyanja, pakuti kakatuluka palibe angakaitane kuti kabwerere. Koma mantha si ndondomeko. Dziko loopa sayansi limatsala logula zimene ena apanga, pa mtengo umene ena anena.

Chimene Malawi ayenera kuchita ndi luso limeneli ndi kuliphunzira, osati kubisalako. Enzaimu wa ku Sakai anapezeka m'matope, wa ku Toulouse anachokera m'manyowa a masamba. Mitaya ya m'dziko muno, imene yakhala ikuwira ndi dzuwa kwa zaka zambiri, iri ndi tizirombo take, ndipo ophunzira a ku LUANAR, a ku MUST ku Thyolo, a ku Zomba ndi a ku Mzuzu angathe kutifufuza ngati atapatsidwa zipangizo ndi ndalama zochepa poyerekeza ndi zimene zimathera m'misonkhano ya kunyanja. Palinso njira ina imene ikugwirizana ndi chuma cha dziko lino. Kuli mabakiteriya amene akadya shuga amasunga m'thupi mwao mtundu wa pulasitiki umene umaola m'nthaka. Katswiri wa ku France, Maurice Lemoigne, anauzindikira m'zaka za m'ma 1920, ndipo amisiri a masiku ano akusula tizirombo toti tiziupanga wochuluka. Mtengo wake ukadali wokwera kuposa wa pulasitiki wamba. Komabe dziko limene lakhala likuwiritsa zotsalira za nzimbe ku Dwangwa kupanga mafuta a ethanol kuyambira 1982 si lachilendo pa ntchito yoweta tizirombo m'matanki. Imeneyi ndi ntchito ya zaka zambiri, ya aphunzitsi ndi ophunzira, ndipo siichotsa ngakhale tsiku limodzi pa udindo wa lero.

Asayembekezenso wina kuti maiko akuluakulu adzagamula m'malo mwa Malawi. Mu Malichi 2022 maiko 175 anagwirizana ku Nairobi kuti alembe pangano lothetsa kuonongeka kwa chilengedwe ndi pulasitiki. Anakumana ku Busan kumapeto kwa 2024 nabalalika osamvana. Anakumananso ku Geneva mu Ogasiti 2025 nabalalikanso. Pokanganapo panali pomwepa: maiko ambiri amafuna kuti kupanga pulasitiki kuchepetsedwe, pamene maiko ogulitsa mafuta amati nkhani ikhale yokonzanso zinyalala basi. Mawu amene akumveka m'mabasi a ku Limbe ndi omwewo, angosintha chilankhulo.

Choncho wapampando wa nthambi akamva wina akuuza anthu pamsonkhano kuti kachirombo kabwera, amufunse kuti kachiromboko kamadya pulasitiki wa mtundu wanji, ndipo fakitale yake iri kuti. Wogwira ntchito pa chipata cha Mwanza, Dedza, Mchinji kapena Songwe atsegule katundu ndi kuyeza kuchindikala kwa majumbo, pakuti kutseka makina a m'dziko muno kulibe phindu ngati majumbo omwewo akulowa usiku kuchokera kunja. Makhonsolo a mizinda ayendere misika asanadikire tsiku lokumbukira chilengedwe, ndipo ayambire kwa wopanga ndi wopikulitsa, osati kwa mayi wogulitsa masamba amene jumbolo amachita kugula. Ndipo pa misonkhano ya Boma ndi ya Chipani imene, pamene zakudya zimagawidwa kwa anthu mazanamazana, pasapezeke jumbo lopyapyala ngakhale limodzi.